Funsani Anamwino: Za masiki zimene timawerenga pafoni

Mphepo ya Juni yafika, ndipo m'maminibasi a ku Chipata chifuwa chayamba kuyankhizana kuchokera kumpando wakutsogolo mpaka wakumbuyo. Mwina n'chifukwa chake makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za masiki. Ndasankhapo asanu. Chimene chandikhudza n'chakuti palibe amene akudandaula kuti malangizo akusowa. Malangizo adzaza foni, koma munthu akamaliza kuwerenga akutsala ali kakasi. Ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zoposa 30 kuno kum'mawa ndisanapume, ndipo nkhani imeneyi imandiwawa mumtima.

Amayi anamwino, ine ndine wosoka, makina anga ali pakhonde la sitolo ina ku Kapata. Mu 2020 ndinasoka mamasiki a chitenje osawerengeka. Tsopano apongozi anga akutsokomola mwezi wathunthu ndipo wowasamalira ndine. Mwana wanga anandifufuzira pafoni. Tsamba lina likuti munthu wabwinobwino asavale masiki, lina likuti avale, ndipo onsewo akutchula WHO. Chizungu chakenso n'chokhakhala, mwanayo ali giredi 9 koma walephera kundimasulira. Akutinamiza ndani? — Mayi wosoka, Kapata

Amayi, tiyambe ndi apongozi, za foni zibwera pambuyo. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, makamaka munthu akamatuluka thukuta usiku, akamaonda kapena thupi likamatentha madzulo, chimafuna kupimitsa makhololo. Mawa lomweli pitani nawo kukiliniki. Kupima TB ndi mankhwala ake n'zaulere m'zipatala za boma, ndipo TB imachira munthu akamaliza mankhwala a miyezi 6 osadukiza. Podikira zotsatira, woyamba kuvala masiki akhale apongoziwo, chifukwa n'kosavuta kugwira timadontho potuluka m'kamwa kusiyana n'kutisakasaka titabalalika kale m'chipinda. Ngati mungakwanitse, agulireni ija ya buluu ya kufamase, ikanyowa muitaye. Inunso valani mukakhala nawo pafupi, koma musaike mtima wonse pansalu. Tsegulani mawindo, masana azikhala panja pamphasa. Tizilombo ta TB timayandama nthawi yaitali m'chipinda chotseka, ndipo mphepo ndi dzuwa ndiwo adani ake.

Tsopano za wonama. Masamba awiri aja onse akhoza kukhala akunena zoona, koma za nyengo zosiyana. COVID-19 itangoyamba, kumayambiriro kwa 2020, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linkati masiki ndi ya odwala, owasamalira ndi ogwira ntchito m'zipatala. Mamasiki anali ochepa padziko lonse moti ankaopa kuti anamwino atsala opanda, komanso zinali zisanadziwike bwino kuti munthu wooneka wathanzi amatha kupatsira anzake. Kuno kwathu odwala oyamba analengezedwa pa 18 Malichi, ndipo mu Epulo boma la a Edgar Lungu linalamula kuti aliyense azivala masiki pagulu. Ku America bungwe la boma loyang'anira matenda la CDC linasintha mawu ake pa 3 Epulo. WHO inadzasintha pa 5 Juni 2020, n'kunena kuti anthu wamba azivala masiki yansalu pamalo othithikana pomwe kutalikirana sikutheka, ndipo a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi odwaladwala azivala ya kuchipatala. Ndiye panali milungu ingapo pamene Lusaka inkanena china, Geneva, kulikulu la WHO, china. Pa 5 Meyi 2023 WHO inalengeza kuti COVID-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, ngakhale matendawo sanathe.

Vuto n'lakuti intaneti sisesa pabwalo pake. Tsamba la mu Malichi 2020 likadali pomwepo, ndipo Google imakuunjikirani pamodzi ndi la chaka chino ngati tomato wa dzana ndi wa lero pamulu umodzi. Kumsika mumatha kumufinya tomatoyo. Pafoni chofinyira chake ndi deti. Muuzeni mwanayo kuti asanawerenge liwu lililonse ayang'ane pamwamba kapena pansi penipeni pa tsamba, apeze tsiku limene linalembedwa kapena kukonzedwanso. Tsamba la zaumoyo lopanda deti ine sindilipatsa khutu, ngakhale litakongola bwanji.

Za Chizungu chija, mwana wanu asadzione ngati mbuli. Ndikukumbukira usiku umene ndinawerenga malangizo a WHO a kasokedwe ka masiki. Anati mkati muike nsalu ya "hydrophilic", kunja ya "hydrophobic", pakati "non-woven polypropylene". Ine wophunzira za chipatala ndinabwereza kawiri. Chonsecho amene anaveka chigawo chonse chino, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi, anali inu a makina apakhonde, ndipo palibe amene anakulemberani m'chilankhulo chanu. Nkhani yake inali yaifupi chonchi. Nsalu zikhale zitatu. Yokhudza nkhope ikhale ya thonje, yomwa chinyezi. Yakunja ikhale yoterera yosalowa madzi msanga, monga poliyesita. Yapakati ikhale ija yosalukidwa, yofanana ndi ya tizikwama tofewa ta m'masitolo, ndipo ikasowa ikani ina ya thonje. Nsalu yotamuka ngati ya sikipa yakale siyenera, chifukwa ikakokeka maso ake amakula. Muiyang'anitse kudzuwa: kuwala kukamadutsa mosavuta, ndiye kuti ndi sefa wa ufa chabe. Ikhale yogwira bwino pamphuno, m'masaya ndi kunsi kwa chibwano. Ichapidwe tsiku lililonse ndi sopo. Mawu onsewa mukanawamva kamodzi kokha, mukanasoka bwino kuposa wolembayo.

Ambuya, ndimanyamula anthu panjinga kuchokera ku Saturday Market kupita m'makomboni. Pagulu lathu la WhatsApp panabwera uthenga wa mawu. Wolankhulayo akuti anamva kwa dokotala wakunja kuti masiki imabwezera mpweya woipa m'mapapo ndipo imafooketsa bongo. Anafotokoza m'Chinyanja chomveka bwino kwambiri. Inenso ndikavala pokwera chitunda ndimabanikadi. Si umboni umenewo? — Mnyamata wa njinga, Chipata

Mdzukulu wanga, wanena mawu amodzi amene andigwira: m'Chinyanja chomveka bwino. Apa ndi pamene timaluzira ife azaumoyo. Bodza limabwera m'chilankhulo cha kwanu, ndi mawu a munthu amene akumveka ngati malume ako, ndipo silidya bandulo yambiri. Choonadi chimabwera m'Chizungu, m'chikalata cha masamba ambirimbiri chimene foni yako imatenga theka la tsiku kuti itsegule. Sindingakudzudzule kuti unamvera amene anakulankhula momveka.

Koma uthengawo ndi wabodza. Mpweya umene timatulutsa, wa carbon dioxide, ndi waung'ono kwambiri kuyerekeza ndi maso a nsalu, umadutsa ngati utsi padenga la udzu. Chimene masiki imagwira ndi timadontho ta malovu ndi mamina momwe tizilombo timakwera. Madokotala ndi anamwino a kufiyeta amavala masiki maola ambiri akuchita opaleshoni, ndipo ndi nthawi imene bongo wawo umafunika kukhala wakuthwa koposa.

Mu 2020 kunabwera mayi wina wogulitsa ndiwo zamasamba amene anakana kwamtuwagalu kuvala masiki pamzere, ati mtima ukumuthamanga. Sindinakangane naye. Ndinatenga kachipangizo kaja timapanitsa pachala, koyeza mpweya wabwino m'magazi. Kanaonetsa 97. Ndinamuuza kuti munthu wathanzi amakhala pakati pa 95 ndi 100. Kenaka anavala masiki yake ya chitenje chobiriwira, tinayenda limodzi pakhonde uku ndi uku kangapo, chala chili chopanidwa. Iye maso ali pa manambala, ine maso ali pa iye. Kanaonetsanso 97. Anakhala chete, kenaka anati, "Ndiye chimene chimandibanika n'chiyani?" Funso lake ndi lakonso.

Kubanikako n'koona, koma ndi kutentha ndi chinyezi. Ukamapalasa chitunda ndi munthu kumbuyo, thukuta limanyowetsa nsalu, ndipo nsalu yonyowa imamatirira pamphuno n'kulemetsa kupuma. WHO yomweyo imanena kuti munthu asavale masiki pochita zolimbitsa thupi zolemetsa. Uli panja, mphepo ikuomba, ndiye pachitunda vula. Valira pamene pakufunikadi: m'minibasi yotseka mawindo anthu akutsokomola, pamzere wa kuchipatala, kapena iweyo ukakhala ndi chimfine ndipo ukukhala pafupi ndi okalamba.

Uthenga wina ukadzabwera, uufunse mafunso anayi. Si anga ayi, anawalemba akonzi a magazini ya madokotala ya ku America yotchedwa JAMA mu 1997, intaneti ikadali khanda, ndipo sanakalambe. Walemba kapena walankhula ndani, ndipo ntchito yake n'chiyani? Zimene akunenazo wazitenga kuti? Mwini tsambalo ndani, kapena akugulitsapo chiyani? Zalembedwa liti? Tenga uthenga wa pagulu lanu uja, uuyese. Dokotala wakunjayo alibe dzina, alibe dziko, alibe chipatala, alibe tsiku. Ukaonanso timivi tiwiri pamwamba pa uthenga wa WhatsApp, dziwa kuti wadutsa m'manja ambiri ndipo amene wakutumizira sadziwa kumene unachokera. Chidindo cha Unduna wa Zaumoyo kapena cha WHO pachithunzi si umboni, aliyense angachikope. Ukakayika, pita patsamba lenileni la Undunawo kapena la ZNPHI, bungwe la boma loyang'anira miliri, uone ngati nkhaniyo ilipo. Ngati bandulo yatha, uimike njinga pakiliniki, umvetsere namwino uthengawo. Sizitenga mphindi zisanu.

Amayi, kusukulu ya mkaka ya mwana wanga wa zaka zitatu anatitumizira uthenga nyengo ya mvula yapitayi kuti ana onse azibwera ndi masiki poopa kolera. Mwanayo amangoivula n'kumaitafuna. Ndimukakamize? — Mayi wa ana awiri, Mchini

Musamukakamize. Mu Ogasiti 2020 WHO ndi UNICEF ananena kuti ana a zaka 5 kutsika m'munsi asaumirizidwe kuvala masiki, ngakhale pa COVID-19 yeniyeniyo. Mwana wotere sangathe kuivala ndi kuivula bwino yekha, ndipo masiki yotafunidwa, yogwa pansi n'kutoledwanso, imamubweretsera dothi m'kamwa.

Chachikulu n'chakuti kolera siyenda mumpweya. Imalowera m'kamwa kudzera m'madzi ndi chakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2023, uja unachititsa kuti bwalo la masewera la National Heroes ku Lusaka lisanduke chipatala, unali wa madzi ndi zimbudzi. Tinatuluka m'nyengo ya korona titazolowera kuti matenda alionse yankho lake ndi masiki, ndipo uthenga wina umangokopedwa kuchokera ku wakale, n'kusintha dzina la matenda. Mukalankhule ndi aphunzitsiwo mwaulemu, cholinga chawo chinali chabwino. Muwafunse ngati madzi akumwa a ana amathiridwa klorini kapena kuwiritsidwa, ngati pali sopo potuluka m'chimbudzi, ndi ngati zakudya zimavindikiridwa. Mwana akayamba kutsegula m'mimba ngati madzi otsukira mpunga, mupatseni madzi a moyo aja a mchere ndi shuga muli panjira yothamangira kuchipatala.

Amayi, ndine mlimi wa thonje. Mwana wanga anawerenga pa Facebook kuti masiki imatchinga tizilombo 95 pa 100 alionse. Ndinasunga mamasiki a buluu a nthawi ya korona. Kodi ndingamavale popopera mankhwala m'munda? — Mlimi, Sinda

Bambo, ayi, ndipo ndikupemphani kuti mumve ayi ameneyu. Nambala imene mwana wanu anaona ndi yoona, koma yachotsedwa pamalo pake. Ndi ya masiki yotchedwa N95, ija yolimba yooneka ngati chikho kapena mlomo wa bakha, imene anamwino a kuwodi ya TB amavala. Poyesedwa imagwira tinthu 95 pa 100 tating'onoting'ono touluka ngati fumbi, ndipo imatero pokhapokha ikamatirira kunkhope popanda mpata, moti ndevu zimaiononga. Ya ku Ulaya yofanana nayo imatchedwa FFP2, ya ku China KN95. Ya buluu ija si imeneyo, m'mbali mwake mumalowa mpweya.

Ndipo ngakhale N95 yeniyeniyo sinapangidwire nthunzi ya mankhwala a m'munda. Masiki ya buluu kapena yansalu ikanyowa ndi mankhwala opopera imasunga poizoniyo pamilomo ndi pamphuno panu m'mawa wonse. Ndinalandirapo alimi otere, malovu akuchucha, maso akuona mbuu, akusanza, thupi lonse thukuta, ndipo ena anali atadzimanga kansalu kumaso poganiza kuti adziteteza. Chofunika popopera ndi chopumira cha labala chokhala ndi tizitini tosefera mankhwala, magolovesi, nsapato za jombo ndi zovala zofika m'mikono ndi m'miyendo. Mankhwala ambiri a thonje amalowanso pakhungu, makamaka posakaniza ndi pamene chopopera chikudontha kumsana. Poperani m'mawa kapena madzulo kukakhala bata, musayang'anizane ndi mphepo, musadye kapena kusuta fodya musanasambe ndi sopo, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha. Alangizi a zaulimi a kwanuko akuonetseni chopumira choyenera mankhwala amene mukugwiritsa ntchito.

Tengani botolo la mankhwalawo muyang'ane m'munsi mwa pepala lake. Mupeza mzere wa mtundu, wofiira ukutanthauza oopsa kwambiri, ndiponso tizithunzi ta munthu atavala magolovesi, jombo kapena chopumira. Tizithunzi timeneto ndimatilemekeza, chifukwa amene anatiganiza anakumbukira mlimi wosadziwa Chizungu. Olemba za masiki pa intaneti akanaphunzirapo kanthu.

Amayi anamwino, ndine mphunzitsi ndipo ndili m'komiti ya zaumoyo ya m'dera lathu. Andipempha kulemba uthenga wa masiki woti tiike pakiliniki ndi kutumiza pamafoni nyengo ino ya chifuwa. Ndinamva kuti pali njira yoyezera ngati zolemba ndi zosavuta kuwerenga. Kodi ndingaigwiritse ntchito pa Chichewa? — Mphunzitsi, Chadiza

Aphunzitsi, kalata yanu ndaisungira kumapeto chifukwa ndi imene ndakhala ndikuiyembekezera zaka zonsezi.

Njirazo zilipodi. Yodziwika kwambiri anaikonza Rudolf Flesch mu 1948. Imawerenga kutalika kwa ziganizo ndi kuchuluka kwa maphatikizo m'liwu lililonse, n'kupereka malikisi: akakwera cha ku 100 ndiye kuti zolembazo n'zofewa, akatsika cha ku 0 ndiye zolimba. Mu 1975 akatswiri ena anaikonzanso kuti izitchula giredi ya sukulu imene munthu ayenera kufika kuti amve, ndipo imeneyo imatchedwa Flesch-Kincaid. Palinso ina ya mu 1969 yotchedwa SMOG, imene imawerenga mawu a maphatikizo atatu kapena kuposerapo. Ku America akatswiri amalangiza kuti zolembera odwala zisapitirire giredi 6 mpaka 8. Mu Ogasiti 2020 magazini ya JAMA Network Open inatulutsa kafukufuku wa masamba a COVID-19 a mabungwe akuluakulu a zaumoyo ndi a maboma a maiko 15, ndipo anapeza kuti anali olimba kupitirira giredi 8. Taganizani, muyeso umenewo ndi wa mwana woyamwira Chizungu. Nanga kwa mayi wa ku Chadiza amene Chizungu anakumana nacho m'kalasi mokha, n'kusiyira sukulu giredi 7?

Koma pa Chichewa njirazi musazikhulupirire. Zinapangidwira Chizungu, kumene liwu lalitali nthawi zambiri limakhala lachilendo. Kwathu kuno liwu limatalika chifukwa lanyamula chiganizo chonse. Tengani liwu loti "tikadzakumananso". Lili ndi maphatikizo 7, kompyuta ingalione ngati la kuyunivesite, chonsecho mwana wa zaka zinayi amalimva. Pomwe kaliwu kakafupi ngati "mliri" kapena "kachilombo" kangasokoneze munthu wamkulu, chifukwa kwa zaka zambiri "kachilombo" kwathu kuno kankatanthauza HIV basi. Mu 2020 ndinamvapo agogo ena akudabwa kuti kachilombo kayamba liti kuyenda m'chifuwa. Makina sangakuuzeni zimenezo.

Ndikuuzeni chimene chinanditsegula maso. Chaka chomwecho pakiliniki ina panamatidwa pepala lomasuliridwa kuchokera ku Chizungu, lakuti aliyense avale chotseka pakamwa. M'mawa wina ndinayang'ana pabenchi la oyembekezera. Amayi ambiri anali atamvera bwinobwino: pakamwa potseka, mphuno zili pamtunda. Ndinafika kwa agogo ena a duku loyera, ndinagwada n'kuwauza kuti akweze nsaluyo. Anandiyang'ana n'kuloza pepala lija ndi ndodo yawo. "Mwana wanga, mdzukulu wanga wandiwerengera, akuti pakamwa. Za mphuno sananene." Agogowo sanalakwe kalikonse. Liwu limodzi lokha linasowa papepala, ndipo benchi lonse linakhala losatetezeka. Madzulo ake tinalemba ndi cholembera chakuda pansi pake kuti "mphuno, pakamwa ndi chibwano".

Ndiye polemba, musamasulire. Werengani Chizungucho mpaka mumvetse, tsekani foni, kenaka lembani monga mmene mungauzire azakhali anu mutakhala nawo pamphasa. Muyambe ndi chimene munthu achite, chifukwa chake chibwere pambuyo ndipo chikhale chachifupi. Miyeso ikhale ya zinthu zimene anthu amagwira. WHO imati talikiranani mita imodzi kapena kuposerapo: nenani kuti kupitirira mpini wa khasu, kapena theka la chitenje chotambasula. Imati chapani masiki yansalu m'madzi otentha madigiri 60: ndani ali ndi choyezera madzi kumudzi? Chonsecho malangizo omwewo, ukawerenga mpaka pansi, amati ngati madzi otentha palibe chapani ndi sopo kenaka muiwiritse kwa mphindi imodzi. Mzere wothandiza mayi wa pamafuwa atatu unakwiriridwa pansi, wa mwini makina ochapira unali pamwamba. Inu muutembenuze.

Lembaninso dzina la komiti yanu, dzina la kiliniki ndi deti, kuti uthenga wanu ukapambane mafunso anayi aja ndauza mnyamata wa njinga. Namwino wa pakiliniki auwerenge usanatuluke. Mukausintha m'tsogolo, nenani poyera kuti kale tinkati chakuti, tsopano tikuti chakuti, chifukwa chake n'chakuti. Anthu athu amamvetsa kuti malangizo amasintha, alimi asinthapo mbewu kangati? Chimene chimawapweteka n'kusinthiridwa mwakachetechete ngati ana. Ndipo popeza ambiri foni amamvetsera kuposa kuwerenga, ujambuleni uthengawo m'mawu, usapitirire mphindi imodzi. Mukapeza mpata pa Breeze FM kapena Radio Maria, ugwiritseni ntchito. M'dera lanu muli Achewa, koma chigawo chino chili ndi Ansenga, Atumbuka ndi Akunda, choncho uthenga ukamapita kutali upezereni wa kumeneko aulankhule m'kamwa mwake.

Nayi poyambira panu, muidule ndi kuisoka mmene mungafunire:

"Ngati mukutsokomola kapena muli ndi chimfine, valani masiki mukakhala pagulu, m'basi ndi kuchipatala. Iphimbe mphuno, pakamwa ndi chibwano. Sambani m'manja musanavale ndiponso mukavula. Povula gwirani zingwe, osati kutsogolo. Ikanyowa sinthani. Ya buluu tayani, yansalu chapani ndi sopo tsiku lililonse. Musabwerekane. Mwana wa zaka 5 kutsika m'munsi asavale. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, bwerani tidzapime makhololo, n'zaulere."

Muyeso weniweni ndi uwu. Tsiku la sikelo ya ana, itanirani pambali amayi atatu, agogo mmodzi ndi mnyamata mmodzi wosiyira sukulu panjira. Awerengereni kamodzi kokha. Musawafunse kuti mwamva, chifukwa polemekeza aphunzitsi onse adzati inde. M'malo mwake mupatseni aliyense masiki, muti, "Tandionetsani mmene mukawauzire a kunyumba." Yang'anani manja awo. Pamene dzanja lapita kolakwika, bwererani papepala, liwu lolakwika lili pomwepo. Mukatero mundilembere, ndikufuna kudziwa mawu anga amene amayi a ku Chadiza awachotse.